Niacin amakongoletsa pepala la ku labu, koma shuga ndiye amalipira

Botolo la niacin silibisidwa kuseri kwa kauntala pamodzi ndi mankhwala ofuna kalata ya dokotala. Limakhala poyera, pa shelefu ya mavitamini, pafupi ndi vitamini C ndi mafuta a nsomba, ndipo lina limabwera m'chikwama cha wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London. Munthu akauzidwa kuti mafuta a m'magazi akwera, n'kuopa mapiritsi a statin, otsitsa kolesitolo, chifukwa cha zomwe anamva mu basi kapena pa WhatsApp, botolo limeneli limaoneka ngati njira yofatsa. Si vitamini basi? Ine ndikuti kwa anthu ambiri a muno mu Lusaka, kumwa niacin wambiri pofuna kutsitsa kolesitolo ndi malonda oluza. Mtima supindula kanthu koonekera, pomwe shuga amakankhidwira m'mwamba.

Tiyambe ndi muyezo, chifukwa chinyengo chonse chagona pamenepo. Niacin ndi vitamini B3. Mwamuna wamkulu amafunika mamiligalamu 16 patsiku, mkazi 14. Kapisozi imodzi yolembedwa 500 mg ikuposa kale muyezo wa mwamuna maulendo 30. Kuti kolesitolo asunthe pamafunika 1,000 mg mpaka 2,000 mg patsiku, nthawi zina 3,000 mg, ndipo 2,000 mg ndi chakudya cha niacin cha miyezi inayi chomezedwa usiku umodzi. Pa muyezo wotere dzina lakuti vitamini limangotsala pa chizindikiro cha botolo. Zimene zikuchitika m'thupi ndi za mankhwala amphamvu, okhudza chiwindi, mafuta a pansi pa khungu ndi insulini.

Kunena chilungamo, niacin sanatchuke pachabe. Mu 1955 Rudolf Altschul ndi anzake ku Canada anaonetsa kuti nicotinic acid, mtundu wa niacin, akamwedwa wambiri amatsitsa kolesitolo, pa nthawi imene kunalibe statin. Pepala la ku labu limasinthadi: LDL, kolesitolo amene amatseka mitsempha, amatsika ndi 5 mpaka 25 peresenti, triglycerides, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, amatsika ndi 20 mpaka 50 peresenti, HDL, amene anthu amamutcha kolesitolo wabwino, amakwera ndi 15 mpaka 35 peresenti. Kafukufuku wa Coronary Drug Project ku America, amene anayamba m'ma 1960 pa amuna amene anadwalapo mtima, anapeza kuti omwe ankamwa 3,000 mg patsiku sankagwidwanso mtima kawirikawiri ngati anzawo, ndipo atawatsatira kwa zaka 15 imfa zinali zochepa ndi 11 peresenti. Amene amayamikira niacin mpaka lero amaima pa umboni umenewu. Koma amuna amenewo sankamwa statin, ndipo chisamaliro cha mtima cha nthawi imeneyo sichifanana ndi cha lero.

Funso loyenera m'nthawi yathu, lakuti kodi niacin amawonjezera phindu kwa munthu amene akumwa kale statin, linayankhidwa kawiri. Mu 2011 kafukufuku wa AIM-HIGH, wa anthu 3,414 amene onse ankamwa statin wotchedwa simvastatin, anaimitsidwa asanathe. HDL inakwera bwino mwa omwe anawonjezeredwa niacin, koma kugwidwa mtima, sitiroko ndi imfa sizinachepe. Mu 2014 gulu la ku Oxford linatulutsa zotsatira za HPS2-THRIVE, wa anthu 25,673 a ku China, ku Britain ndi maiko a Scandinavia, amene anatsatiridwa pafupifupi zaka 4. Theka linkamwa niacin wa 2,000 mg wosakaniza ndi laropiprant, mankhwala ochepetsa kutentha kwa khungu. Mavuto aakulu a mtima ndi mitsempha anagwera 13.2 peresenti ya omwa niacin ndi 13.7 peresenti ya osamwa, kusiyana kochepa kosati n'kudalira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nambala ya HDL inakongola, odwala sanapindule. Mankhwala osakanizawo, otchedwa Tredaptive, anachotsedwa pamsika kumayambiriro kwa 2013 zotsatira zoyamba zitangomveka, ndipo mu 2016 bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linachotsa chilolezo chophatikiza niacin ndi statin.

Nyererezo zili mu shuga. Mu HPS2-THRIVE, mwa anthu amene analibe matenda a shuga poyamba, 5.7 peresenti ya omwa niacin anapezeka nawo, poyerekeza ndi 4.3 peresenti ya osamwa. Mwa amene anali nawo kale, shuga anasokonekera kwambiri mwa 11.1 peresenti poyerekeza ndi 7.5 peresenti, ndipo ambiri a iwo anachita kugonekedwa m'chipatala. Panalinso kuchuluka kwa matenda oyambitsidwa ndi tizilombo, kutaya magazi, ndi kuwonongeka kwa minofu. Ena amati wolakwa anali laropiprant. Koma mu 2016 ofufuza anaphatikiza makafukufuku 11 a anthu oposa 26,000 opanda shuga, ena okhala ndi laropiprant ena opanda, ndipo yankho silinasinthe: chiopsezo chodwala shuga chinakwera ndi 34 peresenti. M'mawu osavuta, pa anthu 43 omwa niacin kwa zaka 5, mmodzi amadwala shuga amene sakanadwala.

Chifukwa chake chimamveka mukatsatira zimene piritsi limachita likamezedwa. Niacin amakakhala pa maselo osunga mafuta n'kuwaletsa kutulutsa mafuta m'magazi. Kwa maola ochepa mafuta oyendayenda amatsika, chiwindi chimasowa zopangira triglycerides, ndipo ndiye phindu limene limaoneka papepala. Mphamvu ya piritsi ikatha, maselo aja amatsegula ngati damu lophulika, mafuta n'kutuluka oposa poyamba. Minofu ikadzadza mafuta amenewa imayamba kunyalanyaza insulini, sitenganso shuga m'magazi mwachangu, ndipo chiwindi nacho chimawonjezera kupanga shuga wake. Kapamba wa munthu wathanzi amangotulutsa insulini wochulukirapo n'kubisa vutolo. Kapamba amene watopa kale sangathe. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kumwa botolo limodzimodzi, wina osaona kanthu, wina n'kuyamba kudzuka katatu usiku kukataya madzi.

Otsutsa adzati kukwerako n'kochepa, ndipo pa avereji akunena zoona: shuga wa m'mawa usanadye amakwera ndi 4 kapena 5 peresenti, ndipo HbA1c, muyezo wa shuga wa miyezi itatu, amakwera osaposa 0.3. M'makafukufuku ena shuga anakwera pa sabata lachinayi mpaka lachisanu ndi chitatu kenako n'kubwerera. Koma anthu amenewo ankayezedwa pafupipafupi, ndipo madokotala ankawawonjezera mankhwala a shuga akaona nambala yakwera. Wogula botolo lake ku shopu alibe womuyang'anira wotero.

Tiyerekeze bambo wa zaka 52 woyendetsa bizinesi ku Kamwala, wamimba yotsogola, amene shuga wake wa m'mawa ndi 6.7 mmol/L koma sadziwa chifukwa sanayezetsepo. Malire a matenda a shuga ndi 7.0. Peresenti 5 yokha ikumufikitsa pa mzere, ndipo iye sali pa avereji, ali m'gulu limene shuga amalumpha kwambiri. Wonjezerani zimene akumwa kale. Hydrochlorothiazide, piritsi lofala la BP, nalonso limakweza shuga pang'ono. Atenolol chimodzimodzi. Prednisolone, amene anthu amamwa mosasamala pa chifuwa ndi kuphwanya kwa m'mfundo, amakweza kwambiri. Ngati ali pa ma ARV a TLD, dolutegravir amene ali m'menemo amanenepetsa anthu ena ndipo mwa ena shuga amakwera. Komanso dolutegravir amachulukitsa mankhwala a shuga a metformin m'magazi, moti dokotala sangangowonjezera metformin mmene angafunire. Katundu aliyense payekha ndi wopepuka. Niacin amabwera kudzasanjika pamwamba pa mtolo umene wafika kale m'khosi. Ndipo kodi amene amauzidwa kuti triglycerides akwera, HDL yatsika, ndi ndani? Kawirikawiri ndi yemweyu, wamimba ndi BP, amene thupi lake layamba kale kukana insulini. Pepala limene limakopa munthu kugula niacin ndi lomwelo limene likuchenjeza kuti shuga ali pakhomo.

Pali funso limodzi limene sindingalizembe. Kodi statin sakweza shuga? Amakweza. Kuphatikiza kwa makafukufuku kwa mu 2010 kunapeza chiopsezo chokwera ndi 9 peresenti, ndiye kuti munthu mmodzi pa anthu 255 omwa kwa zaka 4. Ikani nambala imeneyi pafupi ndi mmodzi pa 43 wa niacin. Kenako funsani chimene mukugula ndi mtengowo. Statin akatsitsa LDL ndi 1 mmol/L, mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko amachepa ndi pafupifupi 22 peresenti, ndipo phinduli limaoneka ngakhale mwa odwala shuga. Atorvastatin wa 20 mg, piritsi limodzi patsiku, amatsitsa LDL ndi pafupifupi 40 peresenti, zimene niacin sangafike ngakhale mutapirira kutentha kwake konse. Wina amalipiritsa pang'ono n'kukupatsa katundu, winayo amalipiritsa zambiri n'kukupatsa lisiti lokha. Ngati statin wina akupweteketsa minofu, njira ilipo: kuchepetsa muyezo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera ezetimibe wa 10 mg, amene amatsitsa LDL ndi pafupifupi 20 peresenti popanda kusokoneza shuga.

Kwa omwa ma ARV nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kafukufuku wa REPRIEVE, wotuluka mu 2023, wa anthu 7,769 okhala ndi HIV, anapeza kuti statin wotchedwa pitavastatin wa 4 mg anachepetsa mavuto aakulu a mtima ndi 35 peresenti. Chofunika n'kuuza dokotala ma ARV amene mukumwa, chifukwa simvastatin sayenda limodzi ndi mankhwala okhala ndi ritonavir, ndipo atorvastatin amafuna muyezo wochepa. Kuthawira ku niacin poopa kusagwirizana kwa mankhwala n'kusiya njira yokhala ndi umboni.

Tsono mabotolo enieniwo. Pamsika pamakhala zinthu zinayi zosiyana zovala dzina limodzi, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Woyamba ndi nicotinic acid wamba, wosungunuka msanga. Pakatha mphindi 15 mpaka 30 nkhope, khosi ndi chifuwa zimatentha ngati mwaweramira pa mbaula, khungu limayabwa ngati mwakhudza chitedze, mtima umagunda, ena amachita chizungulire akaimirira. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho wapafupi akhoza kuganiza kuti BP yakwera kapena ndi malungo. Zimachitika chifukwa niacin amatulutsa prostaglandin pakhungu, imene imatsegula timitsempha. Tiyi wotentha, tsabola ndi mowa zimakolezera motowo. Kutenthaku si chizindikiro chakuti mitsempha ikutsukidwa, monga ena amanenera pogulitsa.

Wachiwiri ndi wolembedwa kuti slow release kapena sustained release. Satentha kwambiri, koma ndi amene ali ndi mbiri yoipa pa chiwindi, chifukwa amalowa pang'onopang'ono tsiku lonse n'kudutsa njira ya m'chiwindi imene imatulutsa zotsalira zovulaza. Anthu adwalapo chiwindi kwambiri chifukwa chongosintha kuchoka pa wamba kupita pa ameneyu ndi muyezo womwewo. M'dziko limene hepatitis B si yachilendo ndipo ambiri sadziwa kuti ali nayo, ili si vuto la m'mabuku. Wachitatu ndi extended release wa kalata ya dokotala, monga Niaspan, amene anagwiritsidwa ntchito m'kafukufuku wa AIM-HIGH uja. Wachinayi ndi wolembedwa no flush, amene m'kati mwake muli inositol hexanicotinate, kapena botolo la nicotinamide, lotchedwanso niacinamide. Awa satentha, ndipo kolesitolo samukhudza n'komwe. Mwagula mtendere wa khungu ndi mkodzo wodula.

Mavuto ena ndingowatchula mwachidule: niacin amakweza uric acid n'kudzutsa gauti (matenda otupitsa ndi kupweteketsa mfundo), amatukusira zilonda za m'mimba, ndipo mwa ochepa amatupitsa m'kati mwa diso mpaka kuona mwachimbuuzi. Mayi woyembekezera asayandikire miyezo imeneyi.

Kodi ndiye kuti niacin alibiretu malo pa nkhani ya mafuta a m'magazi? Kampata kakang'ono katsala: munthu amene triglycerides ake apitirira 5.6 mmol/L, makamaka akafika cha m'ma 10 pamene kapamba akhoza kutupa, ndipo fenofibrate ndi njira zina zakanika. Ngakhale pamenepo, choyamba n'kufufuza chimene chakweza mafutawo. Kawirikawiri ndi shuga wosalamulirika, mowa, zakumwa zotsekemera, chithokomiro chofooka kapena impso. Kupatsa niacin munthu amene triglycerides akwera chifukwa cha shuga n'kuthira palafini pamoto umene ukufuna kuzimitsa. Shuga akatsika ndipo mowa ukasiyidwa, nambala imeneyi imagwa yokha m'masabata ochepa.

Ngati dokotala wa ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena kwina kulikonse waona kuti niacin ndi woyenerabe, kayendetsedwe kake kali ndi malamulo. Asanayambe ayezedwe shuga wa m'mawa atasala kudya maola 8, HbA1c, ALT ya chiwindi ndi uric acid. HbA1c imanama mwa munthu wochepa magazi kapena wa sickle cell, choncho kwa otere shuga wa m'mawa ndiye wodalirika. Extended release amayambira pa 500 mg pogona, atadya kachakudya kopanda mafuta ambiri, kwa masabata 4. Kenako 1,000 mg. Sawonjezera kuposa 500 mg pa masabata 4 alionse, ndipo sapitirira 2,000 mg. Piritsi silithyoledwa kapena kutafunidwa. Aspirin womwedwa mphindi 30 m'mbuyo amachepetsa kutentha, koma si wa munthu wa zilonda za m'mimba kapena womwa mankhwala osungunula magazi. Chiwindi chimayezedwa pa masabata 6 mpaka 12 alionse m'chaka choyamba, ndipo ALT ikapitirira katatu malire ake, mankhwala amaimitsidwa. Wodwala shuga ayeze ndi kamakina kake m'mawa uliwonse m'miyezi iwiri yoyamba komanso muyezo ukangosinthidwa, n'kumalemba m'kabuku. Amene wadumphitsa masiku angapo asabwerere pa muyezo waukulu, ayambirenso pansi. Muwerengere mtengo wa kuyezetsa konseku pamodzi ndi wa transipoti, muone ngati botolo lija likadali lotchipa.

Amene mukumwa kale popanda dokotala, tengani botolo lenilenilo mupite nalo ku kiliniki, chifukwa dzina lakuti niacin palokha silimuuza dokotala kuti ndi uti mwa anayi aja. Pemphani kuyezedwa shuga ndi chiwindi. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda osadziwa chifukwa, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kapena minofu kupweteka ndi kufooka, zimenezi si zodikira tsiku la malipiro. Pali msampha umodzi umene ambiri sauganizira: ngati insulini kapena glibenclamide zinawonjezeredwa pa nthawi imene munkamwa niacin mwakachetechete, mukasiya niacin shuga akhoza kugwa kwambiri, thukuta ndi kunjenjemera n'kukupezani mu minibasi pa Great East Road. Kusiya kuyende limodzi ndi kuyeza, ndipo amene amakulemberani mankhwala a shuga adziwe. Kwa a ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala mu Zambia, ndi eni mafamasi pempho langa ndi lakuti botolo lililonse la nicotinic acid la 500 mg lichoke pa shelefu ya mavitamini lipite kuseri kwa kauntala, kuti wogula afunsidwe kaye za shuga, chiwindi ndi gauti.

Chodabwitsa n'chakuti ife odya nsima tili ndi nkhani yeniyeni ya niacin, koma ndi ya kuperewera, osati ya kolesitolo. Niacin wa m'chimanga ndi womangika moti thupi limatengako wochepa, ndipo chimanga chilinso ndi tryptophan wochepa, amene thupi likanapangira niacin wake. Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, zimene zimamasula vitaminiyu. Chimanga chinafika kuno koma luso limenelo linatsalira. Ufa woyera wa breakfast, wochotsedwa gaga ndi mtima wa njere, umakhala ndi wochepa kuposa roller meal kapena mgaiwa. Ndiwo zikasowa, pamabwera pellagra: khungu lakuda, lokhakhala ndi losweka m'malo owombedwa ndi dzuwa, kuseri kwa manja, m'mapazi ndi kuzungulira khosi ngati mkanda, kenako kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Mu 1990 ku Malawi anthu oposa 17,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matendawa mtedza utasiya kugawidwa m'chakudya chawo. Muno mu Lusaka amene ali pachiopsezo ndi womwa kachasu amene sadya mokwanira, komanso womwa isoniazid wa TB kapena wopewera TB, chifukwa mankhwalawa amatsekereza thupi kupanga niacin.

Kwa wodwala pellagra mankhwala ndi nicotinamide, 300 mg patsiku wogawidwa kangapo kwa masabata 3 kapena 4, yemwe uja wosatentha khungu komanso wopanda ntchito pa kolesitolo. Kwa ena tonse muyezo wa tsiku uli ku Soweto Market. Magalamu 100 a mtedza ali ndi mamiligalamu pafupifupi 12, ndipo kapenta, nkhuku, chiwindi cha ng'ombe, bowa ndi nyemba zimakwaniritsa otsalawo. Chibwabwa chotendera nsinjiro pambali pa nsima ya roller meal chimapereka niacin m'mamiligalamu, pa muyezo umene sutentha khungu kapena kukweza shuga.